Kampopi Koloza kwa a Lampiyao

Mwezi watha tinakavundukula chiliza cha ababa, a Zuze, ndipo anthu analankhula zokoma zokhazokha monga amachitira kumanda. Wina anati anali munthu wamtendere. Wina, mkulu wa kutchalitchi, anafika ponena kuti malemuwa analibe kaduka ndi munthu. Apa ndinaweramitsa mutu n'kudziphimba ndi chitenje, amayi oyandikana nane n'kumandisisita pamsana poganiza kuti ndikulira, pamene ine ndinali kulimbana ndi phwete. Ababa analibe kaduka? Munthu amene ankati akamva tambala wa kutsidya kwa msewu walira, ankatuluka kukakalipira wathu kuti wachedwa?

Ine ndine Rozina, mwana wawo womaliza, amene ndinatsala nawo pakhomo ku Soche amayi atatisiya. Choncho zimene ndikunenazi si za m'maluwa. Ababa ndinkawakonda, ndipo mpaka lero ndimawakwiyira, chifukwa maso awo sanakhazikikepo pa ife a m'nyumba mwawo. Ankakhala kutsidya kwa msewu, pageti la a Lampiyao.

Awiriwa anabwera m'tauni muno ali anyamata, atakwera lole imodzi ya thonje kuchokera ku Ngabu. Onse anapeza ntchito ku Ginnery Corner, ababa mosungira katundu pa kampani ina ya nsalu, a Lampiyao pa kampani ya nyama. Anakwatira chaka chimodzi, anamanga moyang'anizana, ndipo ankaitanana kuti shamwali, mawu a kwathu kuchigwa otanthauza bwenzi. Koma ababa ankawatchula mawuwo ngati akulavula njere ya masawu.

A Lampiyao akapenta nyumba, sabata sinkatha kwathu kusananunkhe penti. Atadzala mtengo wa mapeyala, ababa anadzala iwiri, pamalo oti ngakhale umodzi sukanakwana, ndipo yonse inakula yowonda yosabala. Tsiku limene dzina langa linatuluka kuti ndasankhidwa kupita kusekondale, ndinathamanga kuchokera kusukulu mpaka kudzipweteka chala pamwala. Ababa anamvetsera, anagwedeza mutu, kenako anafunsa kuti, "Nanga wa a Lampiyao uja, Antonyo?" Nditawauza kuti lake silinatuluke, m'pamene anaimirira n'kundigwira chanza. Ndinali mwana, koma ndinadziwa kuti chanzacho sichinali changa.

Amayi ankangowaseka. Ankawauza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, asiye kuwerenga malata a eni. Ababa ankayankha kuti munthu wosayang'ana denga la mnzake sadziwa kuti lake latha, ndipo ankanena motsindika ngati zinalembedwa m'Baibulo.

Panali chinthu chimodzi chimene ababa ankachitha ndipo a Lampiyao chinawakanika, ndicho kufulula wayini wa bwemba. Zipatsozo zinkabwera m'matumba kuchokera kumudzi. Ababa ankaziviika mundowa, kusefa pansalu yoyera imene wina aliyense sankaloledwa kuigwira, kuthira shuga ndi yisiti, n'kutsekera m'chigubu chachikasu chija chimene poyamba chimakhala cha mafuta ophikira. Sankagulitsa. Ankati mowa wogulitsa umaitana zidakwa, koma wopatsa umaitana anthu. Lamlungu lililonse Misa yachiwiri ikatha, azibambo a kwathu kuchigwa ankadzaza khonde lathu, majekete atavula, Chisena chili pakamwa. Chigubu chinkakhala m'beseni la madzi, chitafunditsidwa chiguduli chonyowa. Ababa ankakhala pampando wawo wandalema n'kumathira okha, ndipo kapu ya a Lampiyao ankaidzaza mpaka kusefukira, kuti amve bwinobwino chimene sangathe kupanga.

Ufumu umenewu unagwa chifukwa cha Antonyo, yemwe uja dzina lake silinatuluke. Anapita ku Joni, anasowa zaka, kenako tsiku lina thiraki inaima pageti la kwawo n'kutsitsa firiji yoyera ya zitseko ziwiri, yaitali kuposa mwini nyumba. Ababa anaonerera zonse ali pampando wawo, nyuzipepala itatsegulidwa pamaso koma yosawerengedwa. Madzulo ake chakudya anangochilawa.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Lamlungu lotsatira chiguduli chinauma anthu asanamalize kapu yoyamba, wayini n'kukhala wofunda. A Lampiyao anayang'ana m'kapu mwawo n'kunena mofatsa kwambiri kuti, "Shamwali, bwanji chigubuchi chikagone kwathu Loweruka, kuti anthu azimwa chozizira?" Azibambo onse anavomera ababa asanatsegule pakamwa. Loweruka chigubu chinawoloka msewu, ndipo Lamlungu anthu anachitsatira. Wayini anali wa ababa, thukuta linali la ababa, koma ankamwedwa pakhonde la eni, ndipo othokoza ankathokoza eni khonde. Pasanathe mwezi ndinamva ndi makutu angawa bambo wina pageti la tchalitchi akuuza mnzake kuti, "Tiyeni tikamwe uja wa a Lampiyao." Ababa anali pambali panga ndipo anamvanso.

M'mawa mwake anandidzutsa. "Rozi, vala. Tikukagula firiji."

Ndinawauza kuti ya zitseko ziwiri sitingaikwanitse. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati ndani wanena za yaikulu, yaikulu ndi yosungiramo ndiwo zotsala ndi tomato, mowa wa mwamuna sugona chipinda chimodzi ndi matemba. Iwo ankafuna yaing'ono, ya chigubu chokha, yoti ikhale pakhonde pomwe anthu amamwera. Anavala suti yawo ya kutchalitchi, ananyamula chigubu chopanda kanthu, tinakwera minibasi ya ku Limbe. Kondakitala anawayang'ana n'kunena kuti, "Madala, mwatchena chonchi mukukatunga kuti?" Ababa sanaseke. Anachikhazika chigubucho pamiyendo ulendo wonse.

Sindidzaiwala manyazi a tsiku limenelo. Sitolo iliyonse imene tinalowa, ababa sankafunsa mtengo kapena dzina la firiji. Ankatsegula chitseko, kutulutsa mashelefu onse n'kuwapatsira ine, kugwada pansi ndi suti yawo, n'kuyamba kulowetsa chigubu. Yoyamba inali ndi kabokosi koumitsira madzi pamwamba, ndipo chitsekerero cha chigubu chinagunda pamenepo. Yachiwiri inkaoneka yotakasuka, koma pansi chakumbuyo inali ndi chitunda, pomwe pamabisala injini, ndiye chigubu chinakhala chopendekeka, theka lili panja. Mu yachitatu chigubu chinalowa bwinobwino, ababa n'kumwetulira, koma potseka timashelefu ta pachitseko tinakana. Anakankha ndi bondo mpaka mnyamata wogulitsa anathamangira.

"Madala, muthyola! Iyi ndi ya timabotolo, si ya chigubu ayi."

"Ndiye mumagulitsiranji nyumba yoti munthu sangalowemo?"

"Tengani yaikulu, bwana, ilipo ya zitseko ziwiri apo."

"Ndaiona kale imeneyo," anatero ababa osatembenuka n'komwe. "Ndimaiona tsiku lililonse."

Dzuwa litapendeka tinaipeza yoyenera, m'sitolo ina ya mmwenye pafupi ndi msika. Chigubu chinalowa choimirira, chitseko chinatsekeka mosavuta. Ine mapazi atatupa ndinati Mulungu wamva. Ababa anabwerera m'mbuyo pang'ono, anaiyang'ana, nkhope n'kusintha. Inali yoyera, ndipo kachizindikiro ka pachitseko kanali kofanana ndi ka firiji ya kutsidya.

"Ayi," anatero. "Anthu aziti ndi mwana wa ya a Lampiyao."

Anatulutsa chigubu chawo tinatuluka. Ndinawatsatira m'mbuyo ndikulankhula ndekha ngati wamisala.

Imene tinagula tinaipeza mawa lake ku Ginnery Corner, kuseri kwa magalaja, kwa bambo wina wokonza mafiriji akale. Inali yotuwa, yofika m'chiuno, yochokera m'chipinda cha malo ena ogona alendo. Inalibe kabokosi ka pamwamba, chitunda chake chinali chaching'ono, ndipo timashelefu ta pachitseko bamboyo anatimasula ife tikuona. Ababa anafotokoza cholinga chawo chonse: chigubu chikhale m'kati, kapaipi katuluke, kunja kukhale kampopi, munthu azingotchera kapu osatsegula chitseko. Bamboyo anati n'zotheka. Kenako anagogoda m'mbali mwa firiji ndi chala.

"Koma poboola, boolani pachitseko. M'mbalimu musayerekeze, mumadutsa timapaipi ta gasi. Mukalasa kamodzi, basi mwaipha."

"Ndamva," anatero ababa, ndipo ine amene ndinakula nawo ndinadziwa kuti ndamva ameneyo sanalowe m'khutu.

Khonde lathu ndi lopapatiza. Firiji inakwana pamalo amodzi okha, kumapeto, msana utatsamira khoma, chitseko chitayang'ana m'khondemo, mbali imodzi itayang'ana kumsewu. Inkagwira ntchito bwino zedi. Inkalira pang'onopang'ono, ndipo wayini woyamba amene anatulukamo anachititsa kapu thukuta. Munthu wina aliyense akanakhutira pamenepo. Koma kampopi ka pachitseko akanakaona okhawo okhala pakhonde, pamene ababa ankafuna koti a Lampiyao azikaona ali pampando wawo kutsidya.

Loweruka masana anabwereka choboolera chamagetsi kwa kalipentala wa kumtunda kwathu. Nditaona pomwe aloza ndinasiya zochapa.

"Ababa, munthu uja anati pachitseko."

"Pachitseko aona ndani?"

Chitsulo chinalowa. Kenako kunamveka kuti fwiii, ngati tayala la njinga lalasidwa ndi minga, ndipo kamphepo kozizira kanawauluzira tsitsi la pamkono. Ababa anatseka bowolo ndi chala chachikulu. Anakhala choncho, atagwada, chala chili pabowo, mpaka phokoso linatha lokha. Akuluakulu amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma ababa ngakhale apo sanayang'ane nkhwangwayo. Sanayang'ane firiji, sanayang'ane ine. Anatembenuza khosi n'kuyang'ana kutsidya kuti aone ngati pali amene wamva. Pageti panalibe munthu. Anapuma, anatola sipanala, n'kumaliza kumanga kampopi kawo.

Ndinati tiibweze kwa wokonza uja mwina angaipulumutse. Anakana. "Ituluke pageti ili anthu akuona, ndi bowo m'nthiti? Ndiyambe ndafa ine."

Nzeru zimene anapeza ndi zimene zinandidyera Malamlungu a zaka zambiri. Anakhomera chitsulo pachitseko cha firiji n'kuikapo loko, kiyi n'kumumangirira pachingwe m'khosi mwawo pamodzi ndi korona. Anapeza chigubu chocheperapo kuti m'kati mutsale malo. Chingwe cha magetsi anachisiya cholumikiza kukhoma kuti chizioneka. Ndipo ine, Lamlungu lililonse Misa yoyamba ikangotha, anzanga akupita kukacheza, ndinkakwera minibasi kupita ku Limbe kumene ogulitsa nsomba amagula ayezi. Ndinkagula chibuma chimodzi, kuchikulunga ndi utuchi m'thumba, kuchibereka kumbuyo ngati mwana, n'kulowera njira ya kuseri, pakati pa chimanga ndi bafa. Ndinkafika msana utanyowa, utachita dzanzi. Ababa ankandidikira pakhomo la kukhitchini, ndipo mawu awo anali amodzimodzi sabata iliyonse. Sankati zikomo, sankati wazizidwa mwanangu. Ankati, "Sanakuone?"

Anthu anabwerera. Kampopi kanali kachilendo, aliyense ankafuna kutsegula yekha, ndipo khonde lathu linadzazanso majekete. A Lampiyao nawonso anawoloka, anatchera kapu yawo, analawa, n'kunena kuti, "Mwayesetsa, shamwali." Ababa anawafunsa kawiri kuti abwereze, ati khutu lawo lamanzere silimva bwino.

Kenako zinafika zaka zija magetsi ankathimathima, kuzima m'mawa kubwera anthu atagona. Mafiriji a Soche yense ankangodontha madzi, nyama kuwola, azimayi kudandaula. Ya zitseko ziwiri ija inasanduka kabati. Koma pakhonde la a Zuze kampopi kankatulutsa wayini wozizira mpaka kuwawa m'mano, magetsi kulibe chiyambire Loweruka. Anthu anazizwa. Ababa ankaisisita firiji yawo pamutu n'kumafotokoza kuti ndi ya ku Jeremani, siilira ngati zinazi, ndipo imasunga chisanu m'mimba. Wina akapempha kuti aone m'kati, ankagwira kiyi wa pakhosi n'kunena kuti kutsegulatsegula n'kumene kumapha mafiriji a anthu. Madzi osungunuka ankatuluka ndi kapaipi kena pansi n'kutsikira m'chitini cha maluwa pamasitepe, ndipo maluwa amenewo anakondwa kuposa ena onse pabwalo.

Zaka zimenezo ndi zimene ababa anali osangalala kwambiri pa moyo wawo wonse. Ananenepa. Ankaimba nyimbo za kwaya posamba. Ine ndinawakumbutsa tsiku lina kuti a Lampiyao anagwira ntchito pa kampani ya nyama, mwina zinthu zoziziritsa amazidziwa. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati munthu amene ankasenza miyendo ya ng'ombe paphewa angadziwe chiyani za mawaya.

Za tsiku limene ndikufuna kunenali, ababa sanalitchulepo mpaka kufa. Lamlungu lina, khonde litadzaza, a Lampiyao anatulutsa kampopi katsopano m'thumba la jekete n'kukaonetsa anthu.

"Shamwali, nanenso ndafuna. Kalipentala wandibwereka choboolera. Inu munaboola pati kuti zitheke bwino chonchi?"

Ine ndinali pakhomo ndi mbale ya mtedza. Ndinayang'ana ababa. Anthu onse ankawayang'ana. Anatambasula dzanja, n'kuika chala m'mbali mwa firiji, pambali pa kampopi kawo.

"Apa. M'mbali, pakati penipeni."

"Zikomo, shamwali," anatero a Lampiyao, n'kubweza kampopi m'thumba.

Anthu atabalalika ndinawauza ababa kuti zimene achitazo ndi ufiti. Anandiuza kuti nditseke pakamwa. Koma chakudya chamadzulo sanadye, ndipo m'mawa tiyi anazizira m'kapu ali chikhalire pampando wawo, maso pageti lija. Nthawi imeneyo miyendo inali itayamba kuwatupa. Kuchoka kuchipinda kufika pakhonde unali ulendo, ndodo kutsogolo, ine pambali.

Dzuwa litakwera pang'ono, magetsi alipo tsiku limenelo, kutsidya kunamveka kulira kwa choboolera.

Ababa anathamanga. Ndikunena zoona, anathamanga. Ndodo inatsala pansi, masilipasi anatsala pamasitepe, anatuluka pageti ndi vesiti yokha, n'kudutsa kutsogolo kwa minibasi imene inaima ndi mabuleki olira, dalaivala akutukwana. "Lampiyao! Lampiyao, leka!" Ulemu wonse wotchula kuti a Lampiyao unagwera mumsewu. Nditafika ndinapeza a Lampiyao atagwada pambali pa firiji yawo, choboolera chili m'manja, ababa atazula kale chingwe kukhoma, akupuma ngati afa pomwepo. Mbali ya firiji inali yosalala, yopanda bowo.

Ndinaganiza kuti tsopano aulula. Koma ababa anali ababa. Atapeza mpweya analoza firiji ija n'kukuwa kuti, "Chitini ichi mukuchiyesa chingapirire ngati yanga? Chingaphwasuke ichi! Mwana wanu anakutolerani zotaya azungu ku Joni, inu n'kumati muli ndi firiji!" A Lampiyao anaimirira pang'onopang'ono n'kuwauza kuti atuluke m'nyumba mwawo. Sanalankhulane mpaka mvula yoyamba.

Ine ndinaima pakati pa msewu, masilipasi awo ali m'manja, ndikulira. Anthu ankayesa ndachita mantha ndi minibasi ija. Ayi, inali nsanje, yeniyeni yowawa pachifuwa. Pa ukwati wanga, umene sunakhalitse, ababa anafika mochedwa, wansembe atayamba kale. Nditagonekedwa m'chipatala anabwera tsiku lotuluka. Sindinawaonepo akufulumira chifukwa cha ine, kapena amayi, kapena mwana wawo wina aliyense. Koma anathamanga opanda nsapato, ndi miyendo yotupa, kukapulumutsa firiji ya munthu amene ankati ndi mdani wawo.

Matenda atakula tinawagoneka kuchipatala. Ndinkawasambitsa, kuwamwetsa phala, kugona pansi pambali pa bedi lawo. Kiyi uja anali pakhosi pomwepo, anamwino anayesa kumuchotsa koma analephera. Masana ena a Lampiyao anabwera ndi nthochi, anakhala pampando, awiriwo n'kumakangana motsitsa mawu za amene anayamba kuona nyumba za Blantyre ali pamwamba pa lole ija. Kenako ababa anayamba kulimbana ndi chingwe cha pakhosi. Ndinawathandiza kuchivula. Ndipo ndinatambasula dzanja, pakuti ndani wina amene anasenza chinsinsi chimenechi pamsana zaka zonsezi? Dzanja lawo linadutsa pamwamba pa langa.

"Shamwali, tengani. Koma musatsegule ndili moyo."

Dzanja langa linatsala m'malere, ndipo ndinachita ngati ndimafuna kukonza bulangete. Anamwalira sabata yomweyo. Maliro atatha, anyamata awiri ananyamula firiji ija n'kutuluka nayo pageti, anthu onse akuona, monga momwe mwini wake ananenera kuti ayambe wafa.

Chaka chonse sindinaponde kwa a Lampiyao. Ndinkawapatsa moni wa pamsewu basi. Koma tsiku la chiliza lija, alendo atapita, ndinawoloka. Ndinawapeza pakhonde okha. Firiji ya ababa inali pambali pawo, yopukutidwa bwino, loko ali pomwepo, kiyi ali pakhosi pawo.

"Simunatsegule?" ndinafunsa.

"Nditsegule kuti ndione chiyani, mwanangu? Utuchi?"

Ndinakhala pansi pasitepe.

"Ine ndakalambira m'zipinda zoziziritsira nyama," anatero. "Firiji yamoyo imafunda kumbuyo. Ya bambo ako ndinaigwira Lamlungu loyamba lomwe, inali zii. Ndinangoti mwayesetsa, shamwali."

"Nanga choboolera chija? Mumadziwa kuti muipha yanu?"

"Ndinkaboola thabwa, linali pansi pa bondo langa. Ndimafuna ndione ngati abwera."

"Akanapanda kubwera?"

Anaseweretsa kiyi uja ndi zala. "Ndikanaboola firiji. Ikanandipindulira chiyani?"

Ndinadzuka kuti ndizipita, chifukwa nsanje ija inali itabweranso, ndipo sindinkafuna kulira pakhomo pa eni. Anandiitana ndili pageti.

"Rozina. Pawindo la kuchipinda kwanga pamaoneka njira ya kuseri kwanu. Ndinkakuona Lamlungu lililonse, thumba kumbuyo, diresi litanyowa. Ukuganiza kuti ine ndinkasirira kampopi? Mwana wanga anatumiza firiji, mwini wake mpaka lero sanabwere. Ndinkati ndikakuona ukulowa m'chimanga muja, chakudya chinkandikanika."

Mawu amenewo ndinawadikira moyo wanga wonse, ndipo anatulukira pakamwa pa bambo wa eni. Ndinawoloka msewu n'kubwerera kwathu.

Kumapeto kwa khonde lathu, pomwe pankakhala firiji, simenti ndi yofiira kwambiri kuposa pena ponse, chifukwa dzuwa silinkafikapo. Pali timadontho tinayi ta dzimbiri pomwe pankaponda miyendo yake, ndi kanjira koyera kamene madzi anajambula popita kumasitepe. Maluwa a m'chitini aja anauma. Mpando wandalema uli pomwe unkakhala, nsalu yake italowa pakati, ndipo chimwalirireni ababa panalibe amene anakhalapo. Madzulo amenewo ndinakhalapo ine, koyamba, kuti ndione chimene ankaona zaka zonsezo. Pamaoneka msewu, geti la a Lampiyao, khonde lawo, ndi mutu wa imvi wa mwini wake. Khomo la nyumba yathu, limene ndinkatulukira ndi tiyi wawo m'mawa uliwonse, lili kumbuyo kwa mpandowo, ndipo munthu wokhala pamenepo sangalione pokhapokha atatembenuka.